Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Kuunika Chimbale cha Marvin Gaye, What's Going On

Choipa chimadzudzulidwa m'njira ziwiri. Pali kudzudzula kwa munthu woima kunja kwa mpanda, amene amaloza chala ndi kukweza mau kuti mudzi wonse umve mlandu wa eni nyumba. Palinso kudzudzula kwa mbale wa m'nyumba momwemo, amene sangathe kukalipa mopyola muyeso poti wolakwayo ndi magazi ake, komanso sangathe kukhala chete poti maliro agwa pakhomo pake pomwe. Chimbale cha Marvin Gaye chotchedwa What's Going On, chimene chidatuluka m'dziko la America pa 21 Meyi 1971, chidatsata njira yachiwiriyi kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yotsiriza. Ife tikuona kuti ukulu wa chimbalechi, pamodzi ndi kufooka kwake komwe, zonse zidaphuka pa tsinde limodzi lomweli, ndipo ichi ndicho tifuna kuonetsa m'masamba ano.

Owerenga ena adzafunsa ngati nyimbo za rhythm and blues, zimene ambiri amazidziwa monga nyimbo zachikondi ndi zovina, zili ndi malo m'magazini ya maphunziro a zaumulungu. Yankho lili m'chimbale momwemo. Mwa nyimbo zake 9, ziwiri zimatchula Yezu ndi dzina lake, ina ndi pemphero lopempha chifundo kaamba ka chilengedwe choonongeka, ndipo zonse pamodzi zidalumikizidwa monga mwambo umodzi wa mapemphero, wokhala ndi moni, dandaulo, ulaliki ndi kubalalika. Woimbayo ndiye adayamba kulowa m'munda wathu. Ife tingomtsata kuti tione umo adalimiramo.

Mwana wa mlaliki m'fakitale ya nyimbo

Marvin Gaye adabadwa pa 2 Epulo 1939 mumzinda wa Washington, D.C. Bambo ake anali mlaliki mu mpingo waung'ono wa Chipentekoste wotchedwa House of God, umene unkasunga Sabata la Loweruka pamodzi ndi malamulo ena a m'Chipangano Chakale. M'mapemphero a mpingo umenewo ndimo mwanayo adaphunzirira kuimba, ndipo m'nyumba ya mlaliki yemweyo ndimo adaphunzirira mantha, pakuti bambowo anali aukali, osachedwa kukwapula ana. David Ritz, amene adalemba mbiri ya woimbayu m'buku la Divided Soul mu 1985, adaonetsa kuti bala limeneli silidapole mpaka tsiku la imfa. Tiyenera kusunga zimenezi mumtima, chifukwa liwu loti bambo likamveka m'chimbalechi limakhala litasenza katundu wolemera.

Atakula, Gaye adalowa kampani ya Motown ya mumzinda wa Detroit, imene Berry Gordy adaiyambitsa mu 1959, nakwatira Anna, mlongo wake wa Gordy yemweyo, kotero kuti bwana wake anali mlamu wake. Gordy adagwirapo ntchito m'fakitale ya magalimoto, ndipo kampani yake adaikonza potengera fakitale: ena kupeka nyimbo, ena kuimba zida, ena kuyang'anira kujambula, woimba n'kungofika kudzaikapo liwu. Panalinso bwalo la akuluakulu lounika nyimbo iliyonse isanatuluke, kuti lione ngati idzagulidwa ndi anthu akuda ndi azungu omwe. M'dongosolo limeneli Gaye adatchuka monga woimba zachikondi, makamaka ndi nyimbo zimene ankaimba pamodzi ndi Tammi Terrell, ndiponso ndi "I Heard It Through the Grapevine" imene idafika pa nambala 1 mu 1968.

Komatu zaka zomwezo zinali zamagazi. Mu Julayi 1967 mudabuka zipolowe mu Detroit, ndipo anthu 43 adafa. Mu Epulo 1968 Martin Luther King adaphedwa ku Memphis. Nkhondo ya ku Vietnam, imene pomatha inali itapha asilikali a America oposa 58,000, inali ili mkati, ndipo Frankie, mng'ono wake wa Marvin, adabwerako kumeneko ndi nkhani zosautsa zimene ankamsimbira mkulu wake. Tammi Terrell, amene adakomokera m'manja mwa Gaye ali pa nsanja mu Okutobala 1967, adamwalira ndi chotupa cha mu ubongo pa 16 Malichi 1970 ali ndi zaka 24. Gaye adaleka kuimba pamaso pa anthu, ndipo nyimbo zimene zidamtchukitsa zidayamba kumsukulukira.

Mbeu ya chimbalechi idachokera kwa munthu wina. Renaldo Benson, wa gulu la Four Tops, adaona apolisi akumenya achinyamata ochita zionetsero ku Berkeley, m'chigawo cha California, mu Meyi 1969. Iye ndi Al Cleveland adayamba kupeka nyimbo yodandaula za nkhanzazo. Anzake a m'gulu adaikana. Gaye adailandira, naikonzanso, naijambula mu Juni 1970. Gordy sadafune kuti ituluke, ndipo Gaye adakana kujambula china chilichonse mpaka itatuluka. Itatuluka mu Januwale 1971 idakwera kufika pa nambala 2 pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo zonse, ndi pa nambala 1 pa wa rhythm and blues. Pamenepo Gordy adalola chimbale chathunthu, ndipo nyimbo zotsalazo zidajambulidwa m'masiku ngati 10 okha mu Malichi 1971. Gaye ndiye adayang'anira ntchito yonse, David Van DePitte nkukhala wokonza kaimbidwe ka zida. Pali kanthu kena kamene sitifuna kukadumpha: oimba zida a ku Motown, odziwika ndi dzina loti Funk Brothers, amene kwa zaka zambiri ankagwira ntchito maina awo osatchulidwa, adalembedwa maina pa chikuto cha chimbalechi. Munthu wofuna kuimba za chilungamo adayamba wachitira chilungamo antchito a m'chipinda chimene ankaimbiramo.

Liwu losafuula

Sikuti Gaye ndiye adayamba kuimba za nkhondo ku Motown ayi. Mu 1970 kampani yomweyo idatulutsa "War" ya Edwin Starr, imene idafika pa nambala 1, ndi "Ball of Confusion" ya gulu la Temptations, zonse ziwiri zopangidwa ndi Norman Whitfield. Nyimbo zimenezo n'zaukali: ng'oma zimagunda ngati mapazi a asilikali, malipenga amakuwa, woimba amafuula. Chachilendo cha Gaye sichinali nkhani imene adasankha, koma liwu limene adaiimbira.

Nyimbo yoyamba, imene chimbale chidatengako dzina, imayamba ndi macheza a anthu opatsana moni monga paphwando. Ena mwa iwo anali Mel Farr ndi Lem Barney, abwenzi a Gaye osewera mpira m'timu ya Detroit Lions. Kenaka sakisofoni ya Eli Fontaine imalowa pang'onopang'ono, gitala ya besi ya James Jamerson ikuyenda pansi pake mosathamanga. Woimba akatsekula pakamwa, woyamba kumuitana ndi mayi, wachiwiri mbale, wachitatu bambo. Palibe amene akutchedwa mdani. Ngakhale wogwira chibonga akulankhulidwa monga wa m'banja, ndipo chimene akupemphedwa si kulipa mlandu koma kukhala pansi ndi kumvana. Bambo amene akupemphedwa kuti asakoleze motoyo angakhale boma, angakhale mbadwo wa akulu umene udatuma anyamata ku nkhondo, angakhalenso bambo weniweni wa ku Washington uja. Nyimboyo siisankha pakati pa atatuwa, ndipo idachita bwino posasankha.

Mutu weniweniwo uli ndi nzeru yake. Mau a mutuwo ndi moni wamba pakati pa anthu akuda a ku America, komanso ndi funso la munthu wodabwa ndi zimene akuona, monga tichitira ife tikapeza khamu la anthu pakhomo n'kufunsa kuti kwagwanji. Pa chikuto adalembedwa popanda chizindikiro cha funso, kotero kuti angawerengedwenso monga lonjezo la mboni yofuna kufotokoza zimene zikuchitika. Moni, funso ndi umboni zakhala m'mau amodzi.

Chinanso chofunika kuchimvetsa ndi kuphatikizika kwa liwu. Pojambula nyimbo yoyambayo, amisiri a m'situdiyo adaika pamodzi maimbidwe awiri a Gaye amene adajambulidwa padera kuti iye asankhepo limodzi. Atamva adakonda onse awiri, ndipo njira imeneyi idakhala maziko a chimbale chonse. Liwu lina limatsogola, lina limavomera; lina lili pansi modekha, lina lili m'mwamba likubuula. Uku ndiko kupolokozana kwa mlaliki ndi mpingo kumene Gaye adakula nako m'tchalitchi, koma tsono mlaliki ndi mpingo zakhala pakhosi pa munthu mmodzi. Ife amene timawerenga Paulo Woyera pofotokozera Aroma za malamulo awiri olimbana mwa iye yekha, sitingalephere kumva chomwecho muno: wodzudzula ndi wodzudzulidwa ndi munthu mmodzi.

Tikati tiyerekeze ndi aneneri, Whitfield ali kufupi ndi Amosi, mbusa wa ku Tekowa amene adawoloka malire kukabangula ku Betele pakati pa anthu a ufumu wina. Gaye ali kufupi ndi Yeremiya, amene adalosera za kugwa kwa mzinda umene iye mwini ankagonamo, ndipo sadathe kulekanitsa chidzudzulo ndi misozi. Makolo athu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Chimbale chonse chidayala mkeka wa unansi kuti khutu litsinidwe popanda kudula chibale.

Ulendo wa mbali yoyamba

Nyimbo 6 za mbali yoyamba zimalowana popanda kupuma, kotero kuti womvera sadziwa bwino pamene ina yathera ndi pamene inzake yayambira. Yachiwiri, "What's Happening Brother", imene Gaye adapeka ndi James Nyx, ndi mau a msilikali wobwera ku nkhondo. Kwa ife iyi ndi imodzi mwa nyimbo zopambana m'chimbalechi, chifukwa cha kuchepa kwa zinthu zimene msilikaliyo akufunsa. Sakukamba za ndale za maiko ayi. Ntchito sakuipeza, ndalama zikumsowa, ndipo akufuna kudziwa za timu yake ya mpira ndi za malo amene ankavinako kale. Munthu amene waona zoopsa amafunsa zazing'ono, pakuti ndi zimene zingamtsimikizire kuti mudzi umene adausiya ukadalipo. Wansembe aliyense amene adachezapo ndi munthu wotuluka m'ndende kapena m'chipatala adzazindikira kuti apa woimba adamvetsera mng'ono wake ndi makutu onse awiri.

"Flyin' High" ndi ya munthu womangidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, vuto limene asilikali ambiri adabwera nalo kuchokera ku Vietnam. Gaye sadaiimbe monga wochenjeza ali patali, koma monga mwini tsokalo. Ng'oma zimayenda ngati zatayana ndi nthaka, liwu limayandama m'mwamba, ndipo kukoma kwa nyimboyo n'komweko kumene kumaonetsa chinyengo cha mankhwalawo. Pambuyo pake "Save the Children" imabwera monga ulaliki: liwu lolankhula limanena chiganizo, liwu loimba n'kuchibwereza, mpaka awiriwo atakumana. "God Is Love" ndi kanyimbo kachimwemwe kosakwana mphindi 2, ndipo kamathera m'khomo la "Mercy Mercy Me", nyimbo yokhayo m'chimbalechi imene Gaye adapeka yekha.

Pa nyimbo imeneyi tiyenera kuimapo. Ikudandaula za mpweya woipitsidwa, mafuta otayikira m'nyanja, nsomba zodzala poizoni, cheza chakupha cha nyukiliya, ndi dziko lothinana. Nkhani zotere zinali zitangoyamba kumveka. Tsiku loyamba lokumbukira chilengedwe ku America lidachitika pa 22 Epulo 1970. Tsono pa 14 Meyi 1971, kutangotsala masiku 7 kuti chimbalechi chituluke, Papa Paulo VI adalembera Kadinala Maurice Roy kalata ya Octogesima Adveniens, pokumbukira zaka 80 za Rerum Novarum. M'kalatamo adachenjeza kuti munthu podyera chilengedwe masuku pamutu angathe kuchiononga ndi kudzipweteka nacho yekha, ndipo adakambanso za amphawi atsopano a m'mizinda ikuluikulu. Papa Fransisko adakumbutsa chenjezo limeneli mu Laudato Si' ya mu 2015. Sitikunena kuti wina adamvera kwa mnzake. Roma ndi Detroit ankangoona mtambo umodzi. Koma kusiyana kwa awiriwa n'kophunzitsa. Kalata idafotokoza ndi kuchenjeza, monga iyenera kuchitira kalata. Nyimbo idapempha chifundo, ndipo chifundo chimapemphedwa pamene pali tchimo. Posankha liwu limene ife timayamba nalo Misa, Gaye adachotsa nkhani ya chilengedwe m'manja mwa akatswiri okha naiika pa chikumbumtima. Nyimboyo siithera m'chimwemwe: pakutha pake zida zimatsikira m'kaimbidwe kamdima, ndipo mbali yoyamba imatsekeka ngati khomo la nyumba ya maliro.

Pamene chimbale chimatsimphina

Chilungamo chitikakamiza kunena kuti liwu lachibale lili ndi mtengo wake, ndipo Gaye adaulipira. Choyamba, chimbalechi sichitchula wolakwa. Dzina la Vietnam silimveka m'nyimbo iliyonse, ngakhalenso la mtsogoleri aliyense amene adatuma anyamata kumeneko; anthu a m'midzi ya dzikolo, amene adafa ochuluka koposa asilikali a America, sapatsidwa nkhope yaoyao. Yeremiya adalira ndithu, koma adatchula Yehoyakimu ndi dzina pomdzudzula kuti akumanga nyumba yake ndi thukuta la antchito osalipidwa. Natani adayamba ndi fanizo la kamwana kankhosa, koma sadachoke pamaso pa Davide asanamuuze kuti fanizolo likunena iye. Gaye nthawi zambiri amathera pa fanizo.

Chachiwiri, yankho limene chimbale chimapereka limafika msanga. M'nyimbo za "God Is Love" ndi "Wholy Holy" tikuuzidwa kuti Mulungu ndi bwenzi, kuti tikondane, kuti tigwirizane, ndi kuti tikhulupirire Yezu ndi buku limene adatisiyira. Zonsezi n'zoona, ndipo "Wholy Holy" idaimbidwa ndi ulemu wotero kuti Aretha Franklin adaitenga naiimba m'tchalitchi pojambula chimbale chake cha Amazing Grace mu 1972. Komabe pakati pa bala ndi kuchira pakusowa kanthu. Mulibe mtanda, mulibe kulapa, mulibe kubweza zolanda. Chikondi chikutchulidwa monga mankhwala amene angomwedwa, osati monga njira imene idapitira pa Gologota. Sinodi ya Maepiskopi ya chaka chomwecho cha 1971, m'chikalata chake chonena za chilungamo m'dziko lapansi, idaphunzitsa kuti kugwirira ntchito chilungamo sikungalekanitsidwe ndi kulalika Mthenga Wabwino. Pa muyeso umenewu, mbali yauzimu ya chimbalechi ndi yopepuka kuposa mbali yake yodandaula. Momwemonso "Save the Children", ngakhale ili yokhudza mtima, ikukamba za ana onse a dziko lapansi popanda kutionetsa mwana mmodzi, pamene msilikali uja tidamuona ndi nkhope yake. Nayo "Right On", imene imatsekula mbali yachiwiri ndi kutenga mphindi zoposa 7, imayendayenda m'kaimbidwe kokoma ka chitoliro ndi ng'oma zamanja, koma mfundo yake ndi yaifupi kuposa kutalika kwake.

Chachitatu ndi kukoma kwenikweniko. Mavayolini a Van DePitte ndi ofewa kotero kuti munthu angathe kuika chimbalechi pa chakudya chamadzulo osamva kuti m'katimo muli maliro. Ena a nthawi yomweyo adaona kufatsa kumeneku kukhala kosakwanira. Mu Novembala 1971 gulu la Sly and the Family Stone lidatulutsa chimbale cha There's a Riot Goin' On, chimene mutu wake udamveka monga yankho ku funso la Gaye: chimbale chamdima, chotopa, chosalonjeza kanthu.

Kufooka kumeneku sikwachilendo kwa ife. Tidziwa umo milandu yapachibale imathera kawirikawiri: akulu amafulumira kunena kuti chibale ndi fupa sichiola, n'kuuza awiriwo kuti agwirane chanza, bala lisanaonedwe n'komwe. Wolakwiridwa amapita kwao ndi mtendere wapakamwa. Ulaliki wa chiyanjano umene umaopa kutchula cholakwa uli ndi nthenda yomweyi, ndipo chimbalechi chikadathera pa "Wholy Holy" tikadati chidadwala nthendayo osachira.

Nyimbo yotsiriza

Koma sichithera pamenepo, ndipo apa ndipo pagona chiweruzo chathu. Madalitso a "Wholy Holy" atangotha, "Inner City Blues" imatitulutsa m'tchalitchi kutibwezera mumseu. Mavayolini abwerera m'mbuyo. Chatsala ndi piyano, ng'oma zamanja, ndi besi ya Bob Babbitt imene imabwereza kanjira kamodzi komweko ngati munthu wozungulira m'chipinda chotseka. Pano Gaye akutchula zinthu ndi maina ake: ndalama zoponyedwa ku mwezi pamene amphawi akusowa, msonkho umene munthu sangathe kulipira, kukwera kwa mitengo ya zinthu, ngongole, mwana wotumidwa kukafa kutali, apolisi ofulumira kuomba mfuti. Kumbukirani kuti America adatsitsa anthu pa mwezi mu Julayi 1969, zaka ziwiri zokha chichitikire zipolowe za mu Detroit. Zimene nyimbo zapakati zidaopa kunena, iyi ikunena.

Mutu wathunthu wa nyimboyi umanena za kufuna kufuula, komabe liwu lotsogola limakhala lodzigwira pafupifupi nyimbo yonse. Tikafika apa timamvetsa kuti kufatsa kwa chimbalechi sikunali kusowa mkwiyo ayi, koma mkwiyo wogwidwa pakhosi ndi munthu amene akudziwa kuti akaumasula nyumba ipsa, ndipo nyumbayo ndi yake yomwe. Pomaliza penipeni kaimbidwe kamasintha, sakisofoni imabwerera, ndipo timamvanso kanyimbo koyamba kaja, woimba akuitananso mayi. Ulendo wa mphindi 35 watifikitsa pamene tidayambira. Funso silidayankhidwe.

Ansembe ndi ophunzira za unsembe amadziwa Salimo 88, limene Eklezia adaliika m'Pemphero la Usiku la tsiku Lachisanu. Masalimo ambiri odandaula amatembenukira ku chiyamiko asanathe. Ili lokha limathera mumdima. Komabe Eklezia sadalichotse, chifukwa munthu amene akulankhulabe ndi Mulungu ali mumdima sadataye chikhulupiriro. Gaye poika dandaulo pambuyo pa madalitso adakonza yekha cholakwa cha nyimbo zake zapakati. Adavomereza kuti chikondi chimene walalikacho sichidasinthe mtengo wa chakudya kapena kutsitsa mfuti ya wapolisi, koma sadaleke kuitana mayi, mbale ndi bambo. Chikhulupiriro chenicheni cha chimbalechi chili m'kusaleka kuitanako, koposa m'nyimbo zimene zimatchula dzina la Mulungu.

Woimba ndi uthenga wake

Moyo wa Gaye pambuyo pa 1971 sudatsate ulaliki wake. Mu 1973 adatulutsa Let's Get It On, chimbale cha chikondi cha thupi. Ukwati wake ndi Anna udatha mu 1977, ndipo zowawa zake adazitsanulira m'chimbale cha Here, My Dear mu 1978. Mankhwala ozunguza bongo ndi ngongole za msonkho zidamthamangitsa kwao, nakakhala ku Ostend m'dziko la Belgium kuyambira mu 1981. Adadzukanso ndi "Sexual Healing" mu 1982, imene idampatsa mphotho ziwiri za Grammy. Pa 1 Epulo 1984, m'nyumba ya makolo ake ku Los Angeles, atakangana ndi bambo ake mpaka kugwirana, bambowo adamuombera ndi mfuti imene iye mwini adawapatsa. Linali litatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 45. Munthu amene adapempha bambo kuti asakoleze moto adafera m'moto wa m'banja lake.

Kodi zimenezi zifafaniza uthenga wa chimbalechi? Ena adzakumbukira Augustino Woyera potsutsana ndi Adonati, pamene adaphunzitsa kuti mphamvu ya sakramenti siichokera ku ungwiro wa wolipereka. Fanizolo silikwanira, pakuti nyimbo si sakramenti, ndipo umboni wa munthu umalemera kapena kupepuka malinga ndi moyo wake. Koma Gaye sadadzionetse monga wolungama. Adaimba "Flyin' High" monga mwini nthenda, ndipo nthendayo idali yake ndithu. Liwu lake lowirikiza lija lidaulula kale kuti mwa iye munali anthu awiri. Imfa yake ikutsimikiza zimene tanena za kufooka kwa yankho lake, kuti kutchula chikondi sikuchiritsa bala losaonedwa. Ikutsimikizanso kuti dandaulo lake silinali la pa nsanja chabe.

Nthawi yaweruza chimbalechi mokoma. Mu Juni 1990 Nelson Mandela, atangotuluka m'ndende miyezi ingapo, adatchula mau a nyimbo yoyamba ija polankhula kwa khamu la anthu mu Detroit. Mu 2020 magazini ya Rolling Stone idachiika pa nambala 1 mwa zimbale 500 zopambana. Chaka chomwecho George Floyd adafera pansi pa bondo la wapolisi ku Minneapolis, ndipo zionetsero zidadzaza mizinda ya America. Kusakalamba kwa chimbalechi ndi ulemu kwa woimba, koma ndi manyazi kwa dziko limene adaliimbira.

Kwa ife amene ntchito yathu ndi kuima pa guwa pamaso pa anthu ovutika, mwambi wa makolo uja uli ndi mbali ziwiri, ndipo chimbalechi chatiphunzitsa zonse ziwiri, ina mwa kupambana kwake, ina mwa kuperewera kwake. Wotsina khutu ayenera kukhala mnansi weniweni, amene maliro akunenedwawo ndi akenso. Ndipo mnansiyo ayenera kutsinadi, osangosisita. Amene afuna kudziyesera yekha zimene talembazi achimvere chimbalechi chonse pa nthawi imodzi, m'dongosolo limene mwini wake adachiikira, osadumpha nyimbo, pakuti "Wholy Holy" yomvedwa payokha imanena zina, ndipo yomvedwa "Inner City Blues" ikudza pambuyo pake imanenanso zina.